Bilimankhwe wanu wadwala? Zizindikiro, zoyambitsa ndi zochita kwa osunga a ku Salima ndi Nkhotakota

Mafunso a anthu amene angoyamba kusunga bilimankhwe kuno kunyanja amabwera omwewomwewo. Wina wamtola akuwoloka msewu wa ku Senga Bay, wina wamulanditsa kwa ana amene amamugenda, wina wachita kupatsidwa. Pakapita sabata zingapo nyama ija yasiya kudya, maso alowa, ikugona masana, ndipo mwini wake akufunsa dzina la mankhwala. Koma abilimankhwe ambiri amene amadwala m'manja mwa anthu chimawadwalitsa ndi khola: madzi, dzuwa, mpweya ndi chakudya sizikufika momwe thupi lawo limafunira. N'chifukwa chake pansi pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi chimene chimachitika kawirikawiri, n'kumatsika mpaka chosowa. Musalumphire chomaliza musanayang'ane choyamba.

Dziwani kaye amene muli naye

Amene amapezeka kwambiri m'midzi ndi m'minda yathu ndi Chamaeleo dilepis, wobiriwira uja wa tizikopa tokhala ngati makutu kumbuyo kwa mutu ndi mzere woyera m'mbali. Wamwamuna mudzamudziwa ndi kotupa patsinde pa mchira komanso kanthu kotuluka ngati kachitendene kumbuyo kwa mapazi akumbuyo. Wina ndi Trioceros melleri, chimphona chotha kupitirira theka la mita, wa kanyanga kamodzi pamphuno. Ameneyu amamwa madzi ambiri, sapirira kutentha koopsa, ndipo si wa munthu wongoyamba kumene.

Ngati munamtola ali bwinobwino, chithandizo choposa zonse n'kumubwezera pamtengo wa pafupi ndi pamene munamupeza. Ndikunena izi mosapsatira chifukwa nyengo imene mukuvutika kuipanga m'khola ili kale panja pa nyumba yanu. Woyenera kusungidwa ndi wovulala kapena wofooka, ndipo ngakhale ameneyo, funsani ku nthambi ya boma yoona za malo osungirako nyama zakutchire ngati pakufunika chilolezo. Lamulo la nyama zakutchire lidakhwimitsidwa mu 2017, ndipo kutulutsa abilimankhwe kunja kwa dziko kumayendetsedwa ndi CITES, pangano la mayiko pa malonda a nyama zakutchire.

Khola likhale lotere musanayambe kufufuza matenda

- Lalitali osati lotambalala: pafupifupi masentimita 60 mulifupi, 60 mulitali, 120 msinkhu. Pocheperatu pakhale 45, 45 ndi 90.
- Makoma a waya wa maso ang'onoang'ono wotchingira udzudzu m'mawindo, kuti mpweya uzidutsa. Galasi, ndowa ndi katoni si khola.
- Nthambi zopingasa zonenepa ngati chala, ndi masamba ambiri obisalamo. Nthambi za gwafa zimagwira ntchito bwino. Mtengo uliwonse wa utomoni woyera, makamaka nkhadze, usalowemo.
- Bilimankhwe mmodzi pa khola limodzi. Safuna mnzake.
- Khola likhale pamwamba, miyendo yake muiimike m'zitini za madzi. Linthumbu likalowa usiku, nyama yotsekeredwa ilibe kothawira.

1. Maso alowa m'kati, khungu lakwinyika, chitosi chili ndi chikasu

Chitosi cha bilimankhwe chimakhala ndi mbali ziwiri, yakuda ndi yoyera. Yoyerayo ndiye mkodzo wake. Ikatuluka yoyera ngati choko, madzi akukwana. Ikayamba kukhala yachikasu kwambiri kapena yofiirira ngati lalanje, thupi likuuma.

*Choyamba: mwamuikira madzi m'mbale.* Ili ndiye vuto lalikulu kuposa onse. Bilimankhwe samwa madzi odikha. Kutchire amanyambita mame ndi madontho a mvula pamasamba, ndipo mbale yodzaza angathe kukhala nayo mpaka kufa ndi ludzu.
- Pezani botolo lopopera latsopano, limene silinalowemo mankhwala a kumunda kapena a tsitsi.
- Poperani masamba m'mawa kwambiri ndi madzulo dzuwa likapepa, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Musafulumire kusiya. Nthawi zambiri amayamba kumeza pamene inu mwatopa kale.
- Boolani kabowo ndi singano pansi pa botolo la pulasitiki, mulipachike pamwamba pa khola kuti madzi azidontha pang'onopang'ono pa tsamba limene amakonda kukhalapo.
- Madzi a pampopi onunkha klorini agone m'ndowa yosavundikira usiku wonse. Madzi a mvula ndi abwino koposa.

*Chachiwiri: kutentha kwa Okutobala ndi Novembala.* Miyezi imeneyi Salima ndi Nkhotakota zimapitirira madigiri 35 masiku ena, ndipo pansi pa malata pamaposa apo. Sunthirani khola pansi pa mtengo wa mthunzi, popera kanayi patsiku, ndipo funditsani mbali imodzi ndi chitenje chonyowa.

*Chachitatu: njoka za m'mimba kapena impso zowonongeka.* Ngati akumwa bwino koma maso sakubwerera pakatha masiku atatu, vutolo silili m'khola. Ameneyo ndi wa kwa dokotala wa nyama.

Musamukanule kukamwa n'kuthiramo madzi ndi sirinji. Khomo la mpweya lili pansi pa kamwa, ndipo madzi akalowa m'mapapo mwawonjezera matenda achiwiri. Donthetsani pansonga ya mphuno, amwe yekha.

2. Wasiya kudya

Wamkulu wathanzi angathe kukhala masiku angapo osadya popanda choopsa. Chofunika n'kudziwa ngati akuwonda. Muyezeni pa sikelo ya kukhitchini yowerenga magalamu kamodzi pa sabata, muzilemba m'kope.

*Mantha.* Kumugwiragwira, ana kuzungulira khola, mphaka kukhala pafupi, akhungubwe kutera padenga la khola, ngakhale kudziona pagalasi, zonsezi zimamuletsa kudya. Wonjezerani masamba mpaka muzivutika kumuona, ndipo kwa sabata yathunthu musamugwire. Chakudya muikeni n'kuchokapo.

*Chakudya chosayenda kapena chachikulu.* Amasaka ndi maso, choncho chakufa sachiona ngati chakudya. Nsima, mkate, nyama ndi usipa si zake. Chiwala chisakule kuposa mpata wa pakati pa maso ake. Nkhululu yaikulu ingathe kumuluma usiku akagona, choncho zimene sanadye muzizichotsa kusanade.

*Watopa ndi mtundu umodzi.* Sinthanitsani ziwala zobiriwira, ntchentche, agulugufe a usiku, ndi ngumbi mvula ikayamba. Ngumbi zili ndi mafuta ambiri, zikhale zapakanthawi.

*Kuzizira.* Mu Juni ndi Julayi mwera ukamaomba kuchokera kunyanja, thupi lake limazizira ndipo chakudya sichigayika msanga. Kudya pang'ono nyengo imeneyi n'kwachibadwa. Tchingani mbali yolowera mphepo ndi mphasa, ndipo aziwothera dzuwa la m'mawa.

*Zosowa:* ali pafupi kufundula, wamkazi ali ndi mazira, zilonda m'kamwa, njoka za m'mimba. Onani zigawo zake m'munsimu.

Akakana chakudya kupitirira sabata imodzi uku akutsika sikelo, kapena mafupa a m'chiuno ndi a mchira ayamba kuonekera, siyani kuyesayesa.

3. Akuyasamula, kapena akupuma movutika

Apa pali zinthu zitatu zofanana pamaso koma zosiyana kwambiri.

*Watenthedwa.* Amayasamula mosatulutsa phokoso, mtundu umayezuka, amatsikira pansi pa khola kufuna pozizira. Msunthireni pamthunzi pompo ndi kumupopera madzi osazizira kwambiri. Khola losiyidwa padzuwa la masana popanda mthunzi limapha m'kanthawi kochepa. Pamalo owothera pakhale madigiri 30 mpaka 32, mbali yamthunzi 24 mpaka 28, ndipo usiku kuzizireko.

*Wakwiya.* Amadzitukumula, kuda, kutulutsa mawanga, kufufuma pakhosi ndi kuyasamula akukuyang'anani. Mukachoka amasiya. Palibe matenda apa. Akaluma amapweteka pang'ono koma alibe ululu, kaya anthu amanena zotani.

*Chibayo.* Amaloza mphuno kumwamba kwa nthawi yaitali, pamamveka kaphokoso kothetheka akamapuma, m'kamwa muli malovu onanda kapena thovu, nthawi zina tithovu pamphuno. Chimabwera ndi khola lopanda mpweya, lonyowa usana ndi usiku, lomera chuku pansi, makamaka m'dzinja. Utsi wa kukhitchini umawonjezera. Tsukani khola, lolani kuti liziuma pakati pa kupopera, koma musadzinamize kuti zimenezi zichiritsa. Chibayo chimafuna mankhwala olembedwa ndi dokotala molingana ndi kulemera kwa nyamayo, ndipo mukachedwa nyamayo sichira.

4. Miyendo yapindika, akugwa pamtengo, lilime silikufika

Awa ndi matenda a kufewa kwa mafupa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuwaona m'dziko la dzuwa ngati lino. Zizindikiro zoyamba n'zobisika: amagwira nthambi mofooka, amadzigwira mwendo wake womwe, amanjenjemera akamayenda, lilime limatuluka pang'ono n'kuphonya, pomwe la wathanzi limatha kutalika kuposa thupi lake. Kenako miyendo imapindika ngati uta, chibwano chimafewa n'kulephera kutsekeka.

*Choyamba: sakuona dzuwa lenileni.* Khungu lake limafuna kuwala kwa mtundu wa UVB kuti lipange vitamini D3, ndipo popanda vitamini ameneyu kashiamu wa m'chakudya amangodutsa. Galasi la windo limatchinga kuwala kumeneku, ngakhale m'chipinda muwale bwanji. Babu wamba salitulutsa.
- Khola lizilandira dzuwa losadutsa pagalasi kuyambira cha m'ma 7 koloko mpaka cha m'ma 9 kapena 10 m'mawa.
- Nthawi zonse theka la khola likhale pamthunzi kuti azisankha yekha.
- Khonde loyang'ana kum'mawa, kumene kuno ndi kunyanja, ndi malo abwino koposa. Anzathu a kumayiko ozizira amagula mababu odula a UVB n'kumawasintha pakapita miyezi. Inu simukufunika kuwagula, komanso kuzimazima kwa magetsi sikukukhudzani.

*Chachiwiri: chakudya chopanda kashiamu.* Tizilombo tambiri tili ndi kashiamu wochepa. Tikasungidwa m'botolo masiku awiri osadya, timakhala makoko okhaokha.
- Dyetsani ziwala tsiku limodzi musanazipereke: nkhwani, chisoso, masamba a cham'mwamba, karoti, papaya wakupsa.
- Wiritsani zikamba za mazira a nkhuku, ziume, muzisinje mpaka zisalale ngati ufa woyera, n'kusefa. Ikani pang'ono m'kapepala ka pulasitiki pamodzi ndi ziwala, gwedezani. Zingoyera pang'ono, zisachite kukwiririka.
- Ana ndi aakazi oikira mazira ndiwo amafuna kashiamu wambiri.

*Chachitatu: kuvulala.* Ngati mwendo umodzi wokha ndiwo watupa, mwina anagwa kapena anagendedwa. Zikhadabo zimazukanso mukamukoka pa waya mokakamiza. Pomutenga, ikani dzanja kutsogolo kwake akwere yekha.

Pamene mukukonza izi, tsitsani nthambi ndi kuyala thaulo pansi kuti akagwa asathyoke. Fupa lopindika silidzawongoka, koma lingathe kulimba. Ngati chibwano chafewa kale kapena sakutha kudzikweza, kashiamu wa ufa sakwananso, akufunika dokotala.

5. Dzulo anali bwino, lero akugwedezeka, kugwa chagada, kutuluka dovu

Zadzidzidzi zotere nthawi zambiri ndi poizoni, ndipo m'maboma athu awiriwa njira zake n'zambiri.

1. *Mankhwala a udzudzu.* Opopera m'nyumba, makoyilo, ndi aja amapopera m'makoma polimbana ndi malungo, monga zinachitikira ku Nkhotakota. Opopera akamabwera, khola litulukiretu kutali ndi nyumba, ndipo mphemvu ndi agulugufe a m'nyumba yopoperedwa musamupatsenso.
2. *Masikito.* Anthu ambiri amaona neti yakale ngati chotchingira khola chaulere. Maneti amenewa ndi onyikidwa m'mankhwala okhalitsa, ndipo bilimankhwe amakwera pamenepo tsiku lonse n'kumanyambita madontho otsika pa ulusi wake. Musagwiritse ntchito, ngakhale yochapidwa kangapo.
3. *Ziwala za m'munda wopoperedwa.* Minda ya thonje, madimba a tomato ndi kabichi, chimanga chothiridwa mankhwala a mbozi, ngakhalenso tizilombo ta pafupi ndi matumba a chimanga a Actellic. Ana amene mumawatuma ziwala muwafunse kumene akazigwira.
4. *Tizilombo ta ululu mwachibadwa.* Nunkhadala, ziphaniphani, mbozi za ubweya, ndi china chilichonse cha mitundu yowala, yofiira, yachikasu ndi yakuda.
5. *Fodya.* Mwambo woipa uja wothira fodya wa mphuno m'kamwa mwa bilimankhwe umamupha ndithu. Wosuta asambe m'manja asanagwire nyamayo kapena chakudya chake.

Zochita: mtulutseni ku mpweya wabwino, pamthunzi. Ngati mankhwala amugwera pakhungu, mutsukeni ndi madzi oyera okha, mutu uli m'mwamba. Chotsani nthambi ndi chakudya chonse chakale. Musamumwetse mkaka, mafuta kapena makala. Imbani foni kwa dokotala nthawi yomweyo, ndipo sungani botolo la mankhwala amene mukuwakayikira.

6. Akutseka maso masana, kapena diso latupa

Bilimankhwe wathanzi sagona masana. Ngati diso ndi limodzi, kawirikawiri ndi fumbi, mchenga kapena kachidutswa ka khungu. Mupopereni madzi kwa nthawi yaitali. Mudzaona akutukumula diso ndi kulizunguza, musaope, ndi mmene amalitsukira. Madzi a mchere otsukira maso ogula ku famase angathandize, osati osungunula nokha.

Maso onse awiri akamatsekeka, ganizirani ludzu poyamba, kenako kuperewera kwa vitamini A, kenako matenda a m'thupi. Karoti ndi masamba obiriwira kwa ziwala zake zimathandiza kupewa. Makapisozi a vitamini A a anthu musamupatse, chifukwa akachuluka amawononga chiwindi ndi impso. Diso lotupa, la mafinya, kapena losatseguka masiku awiri ndi la dokotala.

7. Wamkazi wanenepa m'mimba, akutsika pansi, akupalasa

Ali ndi mazira. Wamkazi wa Chamaeleo dilepis amaikira kumapeto kwa dzinja, mazira makumi angapo nthawi imodzi, m'dzenje limene amakumba yekha. Wotoledwa kutchire nthawi zambiri amabwera ali nawo kale, ndipo angathenso kukhala ndi mazira osaswa popanda wamwamuna. Akasowa pokumba amawasunga m'mimba mpaka kufa.

- Ikani m'khola ndowa yodzaza dothi losakaniza ndi mchenga, lakuya masentimita 25 mpaka 30.
- Linyowe moti mukaboola ndi chala dzenje lisagumuke, koma lisachite matope.
- Ikani nthambi yotsikira m'ndowamo, funditsani khola ndi chitenje, ndipo musasuzumire. Akakuonani amasiya dzenje.
- Akamaliza n'kukwirira, mpatseni madzi ambiri ndi chakudya cha kashiamu.

Ngati wakumba n'kusiya mobwerezabwereza, wagona pansi maso ali otseka, kapena akudzikakamiza osatulutsa kanthu, ndi ngozi. Musamufinye mimba.

8. Zina zazing'ono

- *Wada mtundu m'mawa:* akukoka kutentha kwa dzuwa. Akakhala wakuda tsiku lonse, ndi mantha, kuzizira kapena ululu m'thupi. Kuyezuka usiku akagona n'kwachibadwa.
- *Khungu lakale lakanirira pa zala kapena kunsonga ya mchira:* limamanga ngati mphira n'kuletsa magazi. Nyowetsani ndi kupukuta mofatsa ndi thonje. Musasende.
- *Mphuno yanyuka:* akudzikhula pa waya kufuna potulukira. Khola lachepa kapena mulibe pobisala.
- *Zoyera ngati mchere pamphuno:* amatulutsira mchere pamenepo. Zochepa sizoopsa.
- *Nkhama zatupa, muli zachikasu zolimba m'mbali mwa kamwa:* kamwa likuwola. Ili si laling'ono, pitani naye.

Pamene muyenera kusiya zapakhomo

- Thovu m'kamwa kapena kupuma kwa phokoso.
- Kugona pansi osatha kukwera.
- Lilime lolendewera osabwerera m'kamwa.
- Chofiira chotuluka kumalo otulukira chitosi. Chiphimbeni ndi kansalu koyera konyowa, chisaume panjira.
- Chitosi cha magazi, chamadzimadzi chonunkha, kapena cha njoka zooneka. Nthawi zina njoka zimaoneka ngati timizere pansi pa khungu.
- Bala la mphaka kapena galu, ngakhale lochepa.

Panado, mankhwala a chitopa, dibi ya ng'ombe ndi jakisoni wa njoka za mbuzi zisamuyandikire. Nyama yolemera magalamu ochepa chonchi, dontho limodzi lowonjezera ndi imfa, ndipo mankhwala a njoka otchedwa ivermectin ndi oopsa kwambiri kwa abilimankhwe.

A vetenale a m'boma amazolowera ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku, koma angathe kukuthandizani kuyeza chitosi kapena kukulozerani koyenera. Odziwa nyama zakutchire ali ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa Salima kudzera msewu wa M14. Bungwe la Lilongwe Wildlife Trust limasamala nyama zakutchire zovulala, ndipo bungwe losamalira ziweto la LSPCA lili ndi chipatala cha ziweto. Imbani kaye musananyamuke, mufotokoze kuti ndi bilimankhwe.

Paulendo muikeni m'katoni yaing'ono yoboola tibowo, pansi pali thaulo, ndi kanthambi kopingasa kolimba kuti agwire. Mukatseka, mdima umamukhazika mtima pansi. Nyamukani m'mamawa kusanatenthe, katoni ikhale pamiyendo panu, osati pafupi ndi injini ya minibasi kapena pawindo la dzuwa. Tengani chitosi cha tsiku lomwelo m'kapepala ka pulasitiki, kope lija la kulemera kwake, ndi zithunzi za khola pafoni, chifukwa dokotala adzafuna kuona kumene nyamayo imakhala. Mukamaliza kumugwira kapena kutsuka khola, sambani m'manja ndi sopo. Nyama zokwawa zimanyamula tizilombo ta Salmonella toyambitsa kutsegula m'mimba, choncho ziwiya za khola zisatsukidwire pamodzi ndi mbale za pakhomo, ndipo ana aang'ono asamugwire.